Mayi Wachitsanzo wa ku Wolfpen Ali ndi Ndevu

Chigwa cha Wolfpen,
Kum'mawa kwa Kentucky,
Lachiwiri m'mamawa.

Kwa Bwana Mkulu wa kampani ya Halvorne,
eni ake a chipatala chathu ndi zina khumi ndi zinayi,
kudzera mwa Akonzi a nyuzipepala ya m'boma lathu.

Wolemekezeka Bwana,

Mundikhululukire kuti sindinakutchuleni dzina. Ndinafunsa anthu anayi pafoni. Atatu sakulidziwa, wachinayi anati ndidikire pang'ono n'kundiikira nyimbo. Ine dzina ndili nalo. Ndine Verlin Stidham, wa zaka 63, ndinakumba malasha zaka 26, ndipo sukulu ndinalekezera giredi 8, osati chifukwa mutu unakana ayi, koma aphunzitsi zondiphunzitsa zinawathera. Kalatayi ikamatsimphina penapake muipirire, dzanja limeneli linazolowera fosholo.

Ndalemba kuti ndithokoze. Lachisanu lapitali wapositi anatibweretsera satifiketi yanu ya golide m'mbali, yonena kuti mwana wanga Shawna ndiye Mayi Wachitsanzo wa mwezi uno m'zipatala zanu zonse, chifukwa magazi ake amathamanga mwaulemu kuposa a mayi woyembekezera wina aliyense. Ndaikhoma pamwamba pa TV. Koma bwana, palakwika kanthu kakang'ono. Mkono umene mwaupatsa ulemuwo ndi wanga. BP imene mwakhala mukuiombera m'manja kwa masabata khumi ndi awiri ndi ya ine, mwamuna wandevu, amene chibadwire sindinakhalepo ndi pakati.

Mwini dzinalo ali gone pasofa kumbuyo kwangaku. Mimba ndi ya miyezi isanu ndi itatu, mapazi atupa ngati mikate iwiri, mutu ukumuwawa tsiku lachisanu ndi chiwiri lero, ndipo chichokereni mwezi wa Meyi palibe mzamba kapena dokotala wa amayi amene wamukhudza ndi dzanja. Mkazi wanga Glenna akuti mwanayu tikapanda kumufikitsa kwa munthu wodziwa, titaya awiri. Ine sindikonda kuvomereza zonena za Glenna, koma ndikamayang'ana mapaziwo ndimaona kuti akunena zoona.

Ndifotokoza mmene zinayendera. Ndaika manambala, poti ndinamva kuti akuluakulu chinthu chopanda nambala simuwerenga.

1. Ndikuthokoza chifukwa chotseka chipinda cha amayi pachipatala chathu.

Shawna anabadwira momwemo. Glenna anayamba kumva kupweteka ine ndikudya. Ndinamaliza kudya, ndinasamba m'manja, ndipo tinakafika nthawi ikadalipo. Mphindi makumi awiri basi. Zinali zosavuta kwambiri, ndipo zinthu zosavuta zimachititsa anthu ulesi. Inu munaziona zimenezo, n'chifukwa chake zaka zitatu zapitazo munatilembera kuti mukutseka chipindacho "pofuna kuyandikitsa chithandizo chapamwamba kwa amayi." Ndinaliza galimoto kukayeza kuyandikirako. Kukafika kuchipatala chanu chakumzinda ndi mamailosi 94, mapiri atatu, maola awiri ndi mphindi khumi ngati kutsogolo kwako kulibe lole ya mitengo. Mukadayandikitsanso pang'ono, bwenzi amayi athu akuchirira ku Canada.

Zotsatira zake n'zonyaditsa. Ana a kuno tsopano akumaona dziko asanatsegule n'komwe maso. Mdzukulu wa mnzanga Doyle Fugate anabadwira pamalo omwetsera mafuta, pakati pa pampu yachiwiri ndi yachitatu, ndipo mpaka lero kakangomva fungo la petulo kamagona tulo tabwino. M'chipinda muja munali mabedi a amayi ndinasuzumiramo pawindo. Mwasungamo mipando yothyoka ndi mtengo wa Khirisimasi wapulasitiki. Mtengowo ukuoneka kuti ukusamalidwa bwino.

2. Ndikuthokoza chifukwa cha bokosi.

Shawna amagwira ntchito pasitolo ya zinthu zotchipa m'tauni, ndipo ali ndi khadi la boma, lija la ife amene inshuwalansi yeniyeni timangoionera pa TV. Mwamuna wake Dustin amamanga mawaya a magetsi ku Texas, amabwera kamodzi pa miyezi iwiri, ndipo monga mukuonera, akabwera sataya nthawi. Madokotala a amayi olandira khadi limeneli m'dera lonse lino ndi anu okha, kumzinda kuja. Shawna anapitako kawiri. Ulendo wachiwiri anamujambula mimba, anamuuza kuti ndi mtsikana, kenako anamusenzetsa bokosi. Anati amayi onse a khadi la boma tsopano ali pa Sikelo ya Pakhomo.

M'bokosimo munali lamba womanga pamkono woyezera BP, kasikelo kopondapo, ndi kabuku. Pachikuto cha kabukuko pali mayi wa mano oyera, wakhala m'khitchini yaikulu kuposa tchalitchi chathu, akuseka ndi lamba wakeyo ngati wamuuza nthabwala. Malamulo ndi ochepa. Uyeze m'mawa uliwonse pakati pa seveni ndi naini koloko, makina atumiza okha nambala kumzinda. Ukaphonya masiku atatu otsatizana akuchotsa, ubwerere kumchira kwa mndandanda wa odikira. Tinafunsa kuti mndandandawo ndi wautali bwanji, anati masabata khumi ndi limodzi. Mwana akhoza kubadwa, kubatizidwa, n'kudzadziyankhira yekha foni yoitanira amayi ake kusikelo.

Tsono pali kanthu kamene munthu wa ku ofesi yam'mwamba sangakaone. M'chigwa mwathu muno dzuwa limafika teni koloko, koma netiweki sinafikepo. Waya wa intaneti anabwera bwinobwino kuchokera m'tauni, atafika panyumba ya a jaji anatopa. Ndipo makina anuwo sasunga nambala. Akalephera kuitumiza nthawi yomweyo amaiiwala, monga ndimachitira ine ndi tsiku la ukwati wathu. Shawna anayesa kupita nawo kuntchito, kumene netiweki ili mbwee. Mawu a mayi amene munamutsekera m'makinamo anati, "Simuli pakhomo." Anakaniratu.

Ndiye ndinawatenga ine, n'kuyamba kusaka netiweki ngati ndikusaka gwape. Ndinakwera padenga, zii. M'khola, zii. Ndinaima pakati pa mtsinje nditakweza manja ngati Mose, Glenna ali pakhonde kufuula kuti, "Abambo ake Shawna, anthu akuonatu!" Ndinaipeza tsiku lachiwiri, pamwamba pa phiri la kuseri kwa nyumba, kumanda a banja lathu. Pambali pa chiliza cha agogo anga a Elihu Stidham pali timizere tiwiri ta netiweki. Ukasuntha phazi limodzi kulowera ku chiliza cha azakhali, kamodzi kamathawa. Ndipo makina anu anavomera kuti kumandako ndi pakhomo. Abusa athu akhala akunena zomwezo kwa zaka zambiri, koma sitinkawamvera.

3. Pano ndi pamene ndinatenga mimba.

Msewu wa kumandako unapita ndi madzi osefukira amene anatigwera chaka china, kunatsala kanjira ka mbuzi. Ine ndimakwerako panjinga yamoto ya matayala anayi, koma kabuku kanu, tsamba 9, kakuti mayi woyembekezera asayerekeze kukwera chinthu chimenecho. Choncho Shawna ankayenda wapansi. Kudzuka, kukwera phiri ndi bokosi m'manja, kukhala pa chiliza, kuyeza, kutsika, kusamba, kukaima pakauntala maola asanu ndi anayi. Anachita zimenezo masabata awiri, osadandaula, chifukwa ndi mwana wanga ndipo ife a Stidham tili ndi miyendo ya bulu. Tsiku lina kutagwa mvula anaterereka n'kukhala pansi mwamphamvu. Sanavulale, koma Glenna anaima pakhomo manja m'chiuno.

"Aliyense woti mwana wangayu akwerenso phiri limenelo," anatero, "ayambe wadzikumbira yekha malo kumtunda komweko."

Linadutsa tsiku loyamba osayeza. Lachiwiri osayeza. M'mawa wachitatu ndinadzuka, ndinamwa khofi, ndinanyamula bokosi.

"Adadi, mukupita nalo kuti?" anafunsa Shawna.

"Kusikelo."

"Adadi, limenelo ndi bodza. Atigwira."

"Bodza lake liti, mwanawe? Magazi ali mwa iwewo anachokera mwa ndani? Ine ndikungokawapatsa enieni, iwe uli ndi okopera."

Glenna anayang'ana mkono wanga. Kenako anati, "Mupinde malayawo bwinobwino, musakatichititse manyazi."

Bwana, ndinakhala pa chiliza cha agogo, ndinamanga lamba, ndinapuma katatu monga kanenera kabuku. Makina anafinya, anaganiza, n'kutulutsa 118 pa 76. Ndiye mayi wa m'makina uja anati, "Mwachita bwino, mayi!" Ndakhala m'banja zaka 41. Glenna sanandiuzepo kuti ndachita bwino, ngakhale tsiku lija ndinamutulutsa m'nyumba madzi atafika m'khosi. Ndinapukuta misozi ndi ndevu.

Kasikelo kopondapo ndi kamene kanafuna nzeru. Ine ndine wowonda ngati mpini, mapaundi 148, pamene Shawna nthawi imeneyo anali 161. Ndinatenga chidebe, ndinatola miyala kumandako, n'kumaponda nditachikumbatira pamimba. Kabuku kakuti mayi aziwonjezera paundi imodzi pa sabata, ndiye Lolemba lililonse ndinkaponyamo mwala umodzi wosankha bwino. Palibe mayi m'dziko la America amene mimba yake inakula motsatira buku ngati yanga. Sindinasanzepo, sindinatupepo, sindinaphonyepo tsiku. Mukafuna ndikhoza kubwera kudzaphunzitsa.

Chinsinsi kuno sichikhalitsa. Doyle anandipeza ndikutsika ndi bokosi, ndipo madzulo ake tauni yonse inali itamva. Ndikalowa pogulira khofi amuna amandiimirira.

"Apatseni mpando a Mayi Stidham, asaime nthawi yaitali!"

"Kodi akugunda, mayi? Tigwireko?"

"Bambo ake ndi ndani, a Verlin? Tiuzeni tikawagwire, asathawe udindo."

Ine ndinkangosisita mimba n'kuwauza kuti nsanje iwapha. Doyle BP yake ikhoza kupopa tayala la lole, ndiye akanena chiyani?

4. Ndikuthokoza chifukwa cha mtundu wobiriwira.

Sitinkadziwa kuti amayi a khadi la boma mumawagawa m'mitundu ngati magetsi a pamsewu. Wofiira aonedwe msanga, wachikasu aonedwe nthawi zina, wobiriwira ali bwino, asavutitse. Patatha masabata atatu a mkono wanga, kunabwera kalata yoti Shawna wakwezedwa, ndi wobiriwira, ndipo ulendo wake wa mu Juni wokaonana ndi dokotala wachotsedwa "kuti musavutike ndi mtunda." Wa mu Julayi chimodzimodzi. Wa mu Ogasiti chimodzimodzi.

Pano ndinene zoona, ngakhale sindinazizolowere. Tinasangalala. Shawna anati mwayi, sajomba kuntchito, poti bwana wake akamva mawu oti sikelo nkhope imachita ngati wamwa viniga. Glenna anaphika nkhuku. Ine ndinayenda sabata yathunthu chifuwa chili patsogolo, kuuza aliyense kuti ndachiritsa mwana wanga ndi mkono umodzi. Cholakwa chimenecho ndi changa, sindikuchikankhira kwa wina. Ndinkaganiza kuti ndikumusungira malo pamzere. Sindinadziwe kuti ndikumuchotsa pamzerepo.

Koma ndili ndi kafunso, ka munthu wosaphunzira. Mng'ono wake wa Glenna, Wanda, amakolopa pachipatala chanu chachikulu kumzinda, pansanja yachinayi, kumene amapita amayi a inshuwalansi ya makampani. Akabwera kudzacheza amatisimbira ife kukamwa kuli yasa. Akuti kuli piyano yodziimba yokha. Akuti madzi akumwa amaikamo nkhaka, kaya nkhakazo zinalakwa chiyani. Akuti matawulo amachita kuwatenthetsa.

"Alamu," anandiuza, "kumtunda kuja mayi akangoyetsemula, anamwino awiri afika kale, wachitatu akuthamanga ndi pilo. Amabwera kusikelo maulendo khumi ndi anayi. Wina anabwera chifukwa mwana wagunda mbali imene sanazolowere."

Ndinamufunsa kuti nanga amenewo ndi a mtundu wanji, obiriwira kapena achikasu?

"Kumeneko kulibe mitundu, alamu," anatero Wanda. "Kuli maina."

Sindikuwachitira nsanje amayiwo, Mulungu awadalitse ndi nkhaka zawo. Ndikungodabwa kuti ngati bokosili ndi chithandizo chapamwamba monga mumanenera, bwanji mukuwamana? Ndi kukondera kumeneko, bwana. Apatseni nawonso mabokosi. Manda ndiwabwereka ine.

5. Ndikuthokoza makina anu chifukwa cha kukhulupirika.

Lachitatu lapitali Shawna anabwera kuntchito akugwira mutu. Lachinayi nsapato zinakana, anapita atavala za Dustin. Lachisanu, tsiku lomwe satifiketi inafika, mphete yaukwati ndinachita kuidula ndi chodulira waya chifukwa chala chinayamba kuda. Loweruka m'mawa anati, "Amama, m'nyumba muno muli ziphaniphani?" Kunja kutayera, bwana. Ankaona timagetsi tikuthwanima m'maso mwake.

Glenna sanachedwe. Anatulutsa mpando wa m'khitchini n'kunditumiza kukaitana Doyle. Tinamukhazika Shawna pampandopo, ine kumtunda, Doyle kumunsi, Glenna pambuyo ndi bokosi akulamula ngati kapitawo wa mumgodi. Nkhalamba ziwiri kukweza mfumukazi phiri.

"A Verlin, mwana wanuyu mumamudyetsa njerwa?" anatero Doyle, akupuma ngati thirakitala.

"Ankolo, mukandigwetsa ndikakunenezani kwa akazi anu za fodya uja," anatero Shawna. Anayesa kuseka koma mutu unamuletsa.

Tinamukhazika pambali pa agogo. Kwa nthawi yoyamba m'masabata khumi ndi awiri, lamba wa Shawna anamangidwa pamkono wa Shawna. Makina anafinya, anaganiza, n'kutulutsa 162 pa 104. Ine sukulu ndilibe, koma kabuku kanu ndinakawerenga konse kumandako, ndipo nambala imeneyo ili patsamba la malire ofiira. Tinadikira kuti mwina mulira belu, mwina mutumiza ndege. Mayi wa m'makina anati, "Muyeso uwu sukugwirizana ndi mbiri yanu. Mwina lamba wamasuka. Yesaninso." Tinamanga molimba. 164 pa 103. Lamba wamasuka. Kachitatu. Lamba wamasuka.

Doyle anati mwina makinawo afadi, tayesani inu. Ndinapinda malaya. 119 pa 77.

"Mwachita bwino, mayi!"

Ndipo imeneyo ndi imene anatumiza kumzinda. Eee, bwana, chikondi chotere sindinachionepo. Makina anu anandizolowera moti mwini mimba atabwera anamuyesa mlendo.

Ndinaimba foni pomwepo, nditaima mwendo umodzi pa chiliza kuti timizere tisathawe. Anayankha mayi waulemu kwambiri, amene ndikuganiza kuti ali kutali ndithu chifukwa Kentucky anachita kundifunsa kalembedwe kake. Anati Shawna ndi wobiriwira, ndipo obiriwira malo awo apafupi ali patatha masabata atatu. Ndinati, "Mayi, ndikuulula. Mkono umene uli mufaeloyo ndi wanga, ndine bambo ake." Ndinamumva akugogoda pakompyuta. Kenako anati pafomu yake palibe malo olembapo zimenezo, andilumikiza kwa wina. Inabwera nyimbo. Tinaimvera tonse anayi pamodzi ndi akufa mpaka batire linatha.

6. Za Lamulungu ndilemba mwachidule, chifukwa zimandiwawa.

Tinapita naye kuchipatala chathu chomwechi, kumbali ya matenda adzidzidzi. Dokotala anali wachinyamata, munthu wabwino, maso ofiira ndi kutopa, ndipo iye sindikumuimba mlandu. Anayeza n'kupeza 149 pa 95. Anayang'ana Shawna kamodzi, kompyuta katatu. Mukompyutamo munali masabata khumi ndi awiri a manambala okongola ngati maluwa. Anati anthu ena magazi amawathamanga akangoona chipatala, ndi mantha chabe. Zipangizo zomvera mwana m'mimba anati kulibe, munazitengera kumzinda.

Ndinaima n'kuvula chipewa. Ndinati, "Adokotala, manambalawo ndi anga. Ine ndi amene ndakhala ndikuyeza." Namwino amene anali pamenepo ndi Tammy Caudill, mwana amene ndinamuona akukula, amene za mimba yanga anazimva m'tauni n'kuziyesa nthabwala zanga za masiku onse. Anaseka mpaka kugwira khoma.

"Adokotala, musawamvere awa. A Verlin, si inu munati chimbalangondo chinakupondani phazi n'kukupepesani?"

Bwana, chimbalangondocho chinapepesadi, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Chimene ndikunena n'chakuti moyo wanga wonse ndakhala ndikuwonjezera mchere pankhani, anthu n'kumandigulira khofi. Tsiku limodzi lokha limene ndinanena zoona zopanda mchere, palibe anandikhulupirira. Glenna anachitira umboni, Shawna nayenso, koma kompyuta inali itanena kale. Anatipatsa mapiritsi a mutu, n'kutiuza kuti tiimbire kusikelo Lolemba. Dzulo ndinakweranso phiri, ndinaimba. Obiriwira, masabata atatu, nyimbo.

7. Tsopano pempho langa.

Chiyambire Lamulungu sindinamangenso lamba uja. Lero ndi m'mawa wachitatu. Ndikakwera phiri n'kupereka mkono wanga, Shawna akhalabe wobiriwira ndipo palibe amuone. Ndikapanda kukwera, ikamakwana naini koloko makina anu amuchotsa, apite kumchira kwa mndandanda, ndipo palibenso amuone. Ndayesa kuziwerengera mbali zonse, ndi pensulo, ndipo ndikuvomereza kuti amene anakonza zimenezi anapita kusukulu kuposa ine.

Choncho sindikwera. Tikubwera komweko, kuchipatala chanu chachikulu. Glenna walongedza kale chikwama, waika mapilo m'galimoto, ndipo wandiuza kawiri kuti ndisiye kulemba ngati ndine loya. Kalatayi ndiisiya kwa Akonzi podutsa m'tauni, aiike pa intaneti masana ano kuti boma lonse liwerenge kuulula kwanga, mwina likakhala lolembedwa mukhulupirira. Ngati pali chilango chonamiza makina, chibwere kwa ine. Shawna anandiletsa, ine ndi amene ndinakakamira. Mundimange, mundilembe m'buku la anthu oipa, ndakhalapo pansi pa phiri zaka 26, chipinda chanu chamdima sichingandiopse.

Sindikupempha zapamwamba, ndikudziwa malo anga. Ndikupempha munthu mmodzi wamoyo, wa manja ndi maso, amene anaphunzira za amayi. Amange lamba pamkono wa mwana wanga, awerenge yekha nambala asanatsegule kompyuta, agwire mapaziwo, amvetsere ngati kamtsikana kali m'katimo kakugunda bwino. Akapeza kuti zonse zili bwino, ndigwada pakhomo panu n'kupepesa mokweza kuti a nsanja zonse amve, ndipo Glenna adzasangalala kuona zimenezo koyamba. Akapeza zimene ife tinapeza, amugoneke pabedi lero lomwe, mwa dzina lake, Shawna Renee Napier.

Kanthu komaliza, bwana, kuti musadzadabwe. Ndamva kuti pafupi penipeni ndi chitseko chachikulu pali malo oimikapo galimoto olembedwa udindo wanu, ndipo kuti nthawi zambiri mumafika cha m'ma leveni. Shawna sangayende mtunda, ndiye mwa chisomo chanu ndiimika pamenepo. Galimoto yanga inali yofiira mmene inali yatsopano, ilibe chitseko chakumbuyo, ndipo imadontha oilo pang'ono, pepani. Mukafuna malo anu musavutike kutuma alonda, imalira ndi ine ndekha. Mungokwera mudzandifunse makiyi. Mundipeza pamene pali mwana wanga, ndipo akangoonedwa ndidzaisuntha mwaulemu wonse.

Ine wanu wodzichepetsa kuposa onse amene anakulemberanipo,

Verlin Stidham,
bambo ake a Shawna.